Timapepala ta pa Mikisa ya a Makutu

Lolemba, 4 Ogasiti

Ngati wina adzatsegule kopeli, pepani pokuvutitsani ndi zilembo zanga zokhotakhota. Sukulu ndinalekera pulayimale. Sindikulembera munthu. Kopeli ndi lolembamo ntchito zanga za tsiku, koma lero ndilembamo zina, chifukwa ndikapanda kutero mtima uphulika.

Ndalakwa. Loweruka m'mawa.

Zaka khumi ndi chimodzi ndikusesa pa situdiyo ya a Makutu. Khonde, pofikira alendo, kakhitchini, zimbudzi ziwiri. Chipinda chachikulu chojambulira chokha ayi. Anandiuza tsiku loyamba lomwe: "Mayi, fumbi la muno ndi langa, muzilisiya." Dzina lawo lenileni anthu anaiwala. Amangoti a Makutu, chifukwa amamva ngakhale waya wa gitala ukatopa. Nyimbo zambiri zimene zimalira m'mabasi ndi m'masitolo zinadutsa m'manja mwawo.

Lachisanu ndinamva kuti kukubwera anthu a nyuzipepala kudzawajambula zithunzi m'chipindamo. Zinandivuta. Nyenyeswa pa kapeti, makapu atatu a tiyi wouma, kangaude pakona. Anthu aziti wosesa wa pamenepa ndani? Kiyi ndili nayo, inatsala kwa ine chaka chija paipi inaphulika. Onse anaiwala.

Ndinalowa 6 koloko. Kapeti, makapu, kangaude. Ndikanalekera pomwepo.

Koma mikisa ija. Tebulo lalikulu losakanizira mawu. Timabatani tokankha 24, kena m'mwamba, kena pansi, ngati mano a nkhalamba. Pambali pa kalikonse kapepala komata, kakuda bii ndi thukuta la zala, kodzaza timizere ndi manambala. Ndinamatula tonse. Guluu ndinapukuta ndi kansanza. Timabatani ndinatsitsa tonse, mzere umodzi woongoka. Ndinabwerera m'mbuyo kuyang'ana. Ndinanyadira. Mulungu andikhululukire, ndinanyadira.

Lero a Makutu alowa 9 koloko. Sanakuwe. Atuluka, akhala pa sitepe, manja kumutu. Ntchito ya masabata atatu. Mikisa yawo ndi yakale, siikumbukira kanthu. Zonse zinali pa timapepalapo: ng'oma zikwere pati, mawu atsike pati. Foni salola kuti ilowe m'menemo, ndiye ngakhale chithunzi palibe.

Timapepala sindinataye. Chinthu cholembedwa sinditaya. Ndinatimata kumapeto kwa kope lino, kuyambira kumanzere, monga ndinatipezera. Masamba anayi. Ndikuopa kuwatsegula.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Mlandu wagwera mwana wanga wamkazi.

Pantchito amamutchula Kawaya, chifukwa zaka ziwiri zoyamba ankangokulunga mawaya. Tsopano amakhala pa mpando wachiwiri, pambali pa a Makutu. Ndinamupemphera malowo ndine, nditagwira ndowa m'manja.

Ntchitoyi anaikonda kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anzake ankamata zithunzi za oimba pakhoma. Iye ankawerenga tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa chimbale kuti adziwe anajambula ndani. Chithunzi cha pamwamba pa bedi lake: a Makutu, bambo wadazi atatsinzina pa mikisa. Ndinkamuseka kuti wasankha mwamuna wonyansa. Kunyumba mawu ake onse ndi a Makutu akuti, a Makutu amatere. Ngakhale kutseka chitseko amatseka pang'onopang'ono ngati iwo.

Iwo akudziwa makiyi awiri. Yawo ndi yake. Anatseka Lachisanu ndi iye.

Anamufunsa katatu. Katatu anati sanakhudze. Kenako a Makutu anati: "Kulakwitsa ndimakhululuka tsiku lililonse. Kubisa ndiye ayi." Amuuza akhale kunyumba mpaka atakumbukira.

Ine ndinali pakhonde pomwepo, ndikukolopa. Palibe anatembenuka. Wosesa safunsidwa.

Alonda a pageti: "Mayi, lero mopu ikuthamanga ngati yaba chinthu." Ndinaseka. Kuseka kwake kunandiwawa m'nthiti.

Sopo wa m'chimbudzi watsala theka. Babu la pakhonde likuthwanima.

Lachinayi, 7 Ogasiti

A nyuzipepala anabwera dzulo. Wojambula zithunzi anakhumudwa. Akuti anabwerera timapepala tija, chifukwa anamva kuti a Makutu amadziwika nato, ndipo achinyamata m'masitudiyo ang'onoang'ono amamata tawo powatsanzira. Akuti mikisa yoyera chonchi ili paliponse. Ndiye ukhondo wanga ndi umenewo.

Lero kwabwera mayi woimba, mwini nyimbo imene a Makutu ankaikonza ija. Ndinali kupukuta galasi la chitseko, ndamva zonse. A Makutu sanatchule mwana wanga. Anangoti: "Chipinda ndi changa, cholakwa ndi changa. Ndipatseni masiku." Munthu wotchuka chonchija, kuweramira munthu amene angakhale mwana wawo. Ine ndili ndi kansanza m'manja.

Tsiku lonse akuyesa kubwezeretsa ndi makutu okha. Kachigawo kamodzi komweko, pamene mawu amalowa ng'oma zikasiya. Ndinawerenga: maulendo 41. Woimba uja anamvetsera, n'kupukusa mutu. Akuti ndi yabwino koma si ija.

Kunyumba mwana sakudya. Mahedifoni ali m'khosi, waya ukulendewera, sunalumikizidwe kulikonse. Ndamuikira chakudya, wangochisuntha ndi supuni. Sakudandaula, sakutukwana munthu. Bola akanatukwana.

Mutu kuwawa kuyambira masana. Mapilitsi awiri.

Loweruka, 9 Ogasiti

Sabata yathunthu.

Ndakhala ndikudziwerengera zifukwa. Zaka 53. Mawondo. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi mwezi uliwonse. Nyumba ya lendi. Bambo ake anatisiya kalekale, palibe wina. Akandichotsa, adzandilemba ndani? Iye ndi wamng'ono, adzapeza kwina. A Makutu ndi munthu wabwino, mkwiyo ukatha amuitana.

Ndalemba zimenezi, ndaziwerenga. Zikununkha.

Choona ndi ichi: ndikuopa maso a mwana wanga. Moyo wake wonse ndamuuza kuti mayi ako sanaphunzire koma sananamepo.

Masana ndinali kusanja nsapato pakhomo monga mwa masiku onse. Zazikulu kumanzere, zidendene kukhoma. Iye atatsamira chitseko, akungondiyang'ana. Kenako anati: "Amayi, nsapato zanu nthawi zonse zimakhala ngati asilikali." Anamwetulira pang'ono, n'kulowa kuchipinda.

Ndinatsala nditagwira patapata imodzi. Amatanthauza chiyani? Mwina palibe. Amanena zimenezi kuyambira ali mwana. Koma lero mawu ake anali ena.

Chithunzi cha pamwamba pa bedi wachichotsa. Pakhoma patsala malo oyera. Ndachipeza m'dirowa, wachikulunga bwinobwino m'thaulo.

Lolemba, 11 Ogasiti

Dzulo kutchalitchi ndinakhala benchi yakumbuyo. Nyimbo sindinaimbe.

Lero ndinatsimikiza. Kope m'thumba la epuloni, tiyi pa thireyi. Mawu ndinawakonza kuchokera kunyumba, ndinawabwereza m'basi monse.

A Makutu anali okha. Maso ofiira, ndevu zosameta. Anandiuza ndilowe. Zaka khumi ndi chimodzi, koyamba kundiuza ndilowe. Anandikhazika pa mpando wachiwiri, wa mwana wanga. Utali wake ukadali womwewo, mapazi anga sanafike pansi.

Anandilizira kachigawo kaja m'njira ziwiri, kuti ndinene kabwino ndi kati. Ndinati sindidziwa nyimbo. Anaseka: "Odziwa nyimbo andisokoneza sabata yonse, bola inu." Ndinaloza kachiwiri. Anati nawonso.

Kenako anazimitsa nyimbo. Anati zaka makumi atatu aphunzitsa anthu ambiri, ena lero ali ndi masitudiyo awo aakulu, koma a makutu ngati a Kawaya akumana nawo atatu okha. Anati iwo kale anafufutapo mawu a kwaya yonse mwangozi, ndipo anapita okha kukauza abwana awo asanafunsidwe. "Ndicho chokha ndimafuna aphunzire, mayi. Zina zonsezi ndi mabatani."

Dzanja langa linali m'thumba, pa kope. Ndinalimva likunyowa.

Ndinafunsa ngati shuga wakwana.

Anati wakwana. Ndinanyamula thireyi.

Ndili pakhomo anawonjezera kuti ntchito siingadikire. Lachisanu kukubwera wina wochokera ku koleji kudzakhala pa mpandowo. Anapepesa. Iwo kupepesa ine.

Ndinakasanza ku chimbudzi. Ndinatsuka ndekha, monga mwa ntchito.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Anandituma ku sitolo kukagula mkaka ndi mababu. Pobwera, alonda anandiimitsa pageti. Lero analibe nthabwala. Akuti mwana wanu anabwera, wavomera. Wauza a Makutu kuti anamatula ndi iye, anafuna kukongoletsa, timapepala anataya m'bini. Wabweza kiyi. Watuluka osalira, wawatsanzika bwinobwino.

Mababu anagwa. Limodzi lasweka.

Kunyumba ndinamupeza akusita bulauzi yoyera. Akuti amalume ake amupezera malo pa sitolo ya mafoni, akaonekere Lolemba. Ndinamufunsa wavomereranji chinthu chimene sanachite.

Sanakweze mutu. "Ndani wina padziko lino amapukuta mpaka guluu, amayi?"

Anadziwa kuyambira tsiku loyamba. Atangolowa n'kuona mzere woongoka uja. Za kiyi yanga amakumbukira, chifukwa chaka cha paipi chija anabwera kudzandithandiza kutunga madzi. Sabata yonse wakhala akudikira kuti ndilankhule ndekha. Ataona kuti sindilankhula, anaganiza kuti ndiye kuti sindingathe.

"Inu muli ndi zaka 53. Ine mafoni ndikhoza kugulitsa."

Ndinafuna andikalipire. Anangotembenuza bulauzi, kusita kolala. Patapita nthawi anati chimene chikumupweteka si mpando. Ndi chakuti wawanamiza a Makutu pamaso, ndipo iwo amukhulupirira.

Ndiye ndamuphunzitsa ndine. Iwo zaka zitatu kumuphunzitsa kunena zoona, ine sabata imodzi kumuphunzitsa kunama.

Za timapepala sanafunse. Akuganiza kuti ndinataya. Tili pompano, pansi pa dzanja langa.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Hafu pasiti 6. Ndili m'kakhitchini ka pa situdiyo. Ketulo sindinayatse.

Ndatsegula masamba aja. Ndawerenga kawiri: 24, tonse tilipo. Pansi pa kalikonse ndalemba nambala ndi pensulo.

Ndinayamba kulemba kalata pa pepala lina, ndang'amba katatu. Ndikangoyamba ndikumadzikometsera. Muno mokha ndi m'mene sindinadzikometsere. Ndiye ndisiya kope lonse.

Bwana Makutu.

Pepani, kopeli silinali lanu, koma muwerenge kuyambira pa 4 Ogasiti. Zina ndi za m'nyumba mwathu, ndikuchita nazo manyazi, koma sinding'amba tsamba. Zija za mwamuna wonyansa mundikhululukire, inali nthabwala ya mayi ndi mwana.

Ndinalowa m'chipinda chanu ndine. Ndinamatula ndine. Munalankhula nane Lolemba ndili nato m'thumba, ndinakufunsani za shuga.

Timapepala tanu tili pa masamba anayi omaliza. Nambala 1 ndi kakumanzere kwenikweni mukakhala pa mpando wanu. Mbali yokhala ndi dzina, ng'oma, gitala ndi zina, inali yoyang'ana kwa inu, ndipo kalikonse kanayambira pa kasikuluwu kam'munsi. Zimenezo ndikukumbukira bwino chifukwa ndinkayambira pamenepo kulowetsa chikhadabo. Ka 17 kanang'ambika pakona, kachidutswa kake ndakamata pambali. Timabatani tozungulira ta m'mwamba sindinakhudze, ndinaopa. Pa ka 9 pali dontho la tiyi. Ndalisiya.

Kiyi yachitatu ili pamwamba pa kopeli.

Mwana wanga wakunamizani kamodzi kokha, dzulo. Maulendo atatu aja ananena zoona. Bodza la dzulolo muliike pa ine pamodzi ndi zinazo. Sakudziwa kuti ndachita izi, ndipo akadziwa andikwiyira.

Za ntchito yanga sindikupempha. Mopu ndi ndowa ndisiya zotsuka, sopo watsopano ali m'kabati yam'munsi, babu la pakhonde ndasintha, limodzi ndinaswa.

Ndikupempha chimodzi. Munthu wa ku koleji uja akubwera Lachisanu. Chonde mundiyankhe lisanafike tsikulo, ngakhale mawa madzulo, ngati mpando uja ungadikire mwini wake. Utali wake musasinthe. Ngati simukufuna kundiona, muwauze alonda, andiuza.

Lero ndikhala pakhonde mpaka 4 koloko. Ndikhala ndikukolopa.