Njinga ya Azakhali a Albertina

Lolemba, 7 Julho 2025

Sabata yachiwiri ku Chifunde, kwa azakhali a Albertina. Monografiya yanga, kafukufuku womalizira digiri, yaima. Mutu wake: kulimbitsa thupi ndi mtendere wa mumtima mwa ophunzira a ku univesidade. Mlembi wake: ine Florência, wogona mpaka dzuwa pamutu. A pulofesa ku Tete aibweza kawiri. Akufuna mapepala a mafunso makumi atatu mwezi usanathe, oyankhidwa ndi aphunzitsi ndi anamwino amene akuphunzira univesidade ali pantchito kuno. Apo ayi, chaka chapita. Ndili ndi awiri. Foni sindikuyankha. Ndalira posamba, chifukwa chake sindikuchidziwa.

Lachitatu, 9 Julho

Azakhali poweruka kuntchito kwawo ku chipatala andipeza m'bulangete. Atola tsamba la monografiya n'kuwerenga mokweza pamene ndinalemba kuti munthu woyendayenda sakhumudwa msanga. "Analemba izi ndani? Ndikufuna ndimuone." Kenako anditulutsira njinga yawo yakapalasa. Ati ophunzirawo ali m'masukulu ndi m'zipatala za kumidzi, ndiwalondole komweko. Ndatchula za mota, njinga yamoto, andiyang'ana basi.

Lachinayi, 10 Julho

Makilomita khumi ndi awiri. Pachitunda ndatsika n'kumakankha, mayi wosenza nkhuni n'kundipitirira, moni ali pakamwa. A Nikodemo, mphunzitsi, atafika pa funso loti amalimbitsa thupi kangati pa sabata, andiona ndikupumira m'mwamba. "Nanga inu a dotolo, lero n'koyamba?" Miyendo si yanga. Pokhala, mpaka pilo.

Lachiwiri, 15 Julho

Mapepala khumi ndi anayi. Ndagwa mumchenga powoloka mtsinje wouma, njinga pamwamba panga. Ndaseka ndekha mpaka misozi. Kuseka kwanga ndinali nditakuiwala.

Lachisanu, 18 Julho

A Timoteyo, namwino, pondibwezera pepala anena motsitsa mawu kuti chaka chatha anatsala pang'ono kusiya sukulu, ndipo sanauze munthu. Ndawauza zanga. Pobwerera ndaima pansi pa mtengo n'kuimbira a pulofesa ndekha. Sanandilume.

Loweruka, 26 Julho

Makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Ndinapita ku sukulu ya pano pa vila, katauni kathu kano, kukafuna wondijambulira mapepala ena. Kusuzumira m'kalasi, a Nikodemo. Pambali pawo a Timoteyo. Onse amene ndawavutikira m'fumbi sabata ziwiri zathunthu, ali phee pamabenchi! Kani amakumana pano Loweruka lililonse. Mphindi zisanu kuchokera pabedi panga.

Ndathamangira kunyumba. Azakhali akuchapa, osatembenuka n'komwe. "Ndimadziwa. Wodwala sauzidwa zonse."

Ndakwiya mpaka tiyi wa madzulo.

Atatu otsalawo analipo m'kalasimo, zolembera zili m'manja. Mapepala sindinawapatse. Ndangowafunsa kumene amaphunzitsa. Mmodzi ali kutali ndithu, njira ya ku Nsadzo. Pampu ya njinga azakhali anaika kuti?