Nsomba ya Pamkono wa Alamu Anu

Istanbul, kudoko la ufa

Okondedwa achimwene a Numan,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Muli bwanji ku Amasra? Alamu ndi ana akudzuka bwanji? Nanga mwendo wa amayi uja udaleka kutupa? Ife kuno tikupuma, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndanama.

Mwina mwamva kale kwa anzanu a m'ngalawa. Asilikali a Yenicheri adatulutsa nkhali zawo za msuzi n'kuzivundikira pabwalo, monga amachitira akafuna kuopseza Mfumu. Kale zikatero nduna zinkanjenjemera. Ulendo uno Mfumu yawayankha ndi mizinga. Nyumba zawo zapsa, ndipo gulu lija makolo ankati lidagwetsa malinga a mzinda uno latha dzuwa lisanalowe.

Tsopano asilikali a Mfumu akusaka otsala. Akagwira mwamuna amangomupindira malaya n'kuyang'ana pamkono. Akapeza mphini za gululo safunsanso dzina. Wometa tsitsi wa mumsewu mwathu adamutenga lumo lili m'manja, ndipo mkazi wake akupitabe kugombe kukayang'ana mitembo yomwe madzi alavula.

Mukudziwa kuti alamu anu a Dursun adatemetsa nsomba pamkono. Mukudziwanso kuti mfuti sadaigwirepo. Nkhuku yomwe amapempha mnansi kuti awazingire. Adalembetsa dzina kwa a Yenicheri monga adachitira ogulitsa khofi ndi onyamula katundu, kuti anyamata a gululo asamativutitse pa uvuni wathu wa buledi. Msilikali weniweni adali agogo awo. Iwowa adangotengera kuyenda chotukumula chifuwa.

Tsiku lomwe adatenga wometa uja ndidaika pamoto chitsulo chopalira phulusa. A Dursun adati tidikire kaye, mwina zinthu zizizira. Ndidawauza kuti alume nsanza. Ndidawawotcha pansomba ija ndi manja angawa, achimwene, ndipo fungo lake silikundichoka m'mphuno. Tidapangana kuti tizinena kuti adatsamira chitseko cha uvuni.

Patapita masiku kudabwera mkulu wa asilikali atsopano a Mfumu. Adamasula nsalu nayang'ana chilondacho nthawi yaitali. Kenako adatola buledi wotentha, n'kunena uku akutafuna:

"Mauvuni a mumzinda muno ayamba kuluma malo amodzimodzi. Phikani buledi, bambo, anthu adye. Chikapola ndidzabwera, tidzaonere limodzi chomwe chili pansipo."

Kuchokera apo sajomba. Amatenga buledi, amafunsa za chilonda mwachifundo ngati sing'anga, n'kumapita.

Tsoka lake, utoto udalowa mozama kuposa moto. M'mbali momwe khungu layamba kumera, mchira wa nsomba ukuonekera. Kuwotchanso sindingathe, chifukwa chilonda chatsopano n'chimodzimodzi kuvomera mlandu. Choncho m'mawa uliwonse ndimakanganula nkhanambo n'kuthirapo mchere kuti chisapole. Mwana wathu Rukiye ndimayamba ndamutuma kumadzi kuti asamve bambo ake akubuula.

Dzulo a Dursun adandiyang'ana misozi ili m'maso n'kuti, "Mayi a Rukiye, mchere wonsewu pa nsomba imodzi?"

Akusekabe, koma thupi latentha, ndipo mkono watupa mpaka m'khwapa. Mtanda akukanda ndi dzanja limodzi. Ndikuopa kwambiri.

Sindidaiwale zomwe a Yenicheri adakuchitani padoko, pamene adapachika nkhwangwa yawo pangalawa yanu n'kunena kuti nkhuni ndi zawo, nakumenyani pamaso pa antchito anu. Sindidaiwalenso kuti mutabwera kunyumba mlomo uli wotupa, a Dursun adaseka. Mudalumbira tsiku lomwelo kuti munthu wa mphini sadzaponda m'ngalawa yanu, ndipo pakhomo pathu simudafikenso. A Dursun adalakwa. Pakamwa pawo ndikupadziwa kuposa inu, ndakhala napo zaka zonsezi. Koma kuseka si mlandu wopachikira munthu.

Ndikukugwirani mwendo. Bwerani ndi nkhuni monga mwa nthawi zonse, mudzatsitse padoko la ufa. Alonda amasecha ngalawa za apaulendo, koma onyamula nkhuni sawayang'ana kumaso. A Dursun adzalowa m'ngalawa ndi chingwe paphewa ngati waganyu, ndipo sadzatulukanso. Kwanuko akaweta mbuzi kuphiri, mkono ukapole kopanda woufunsa. Ngati simufuna kulankhula nawo panjira, musalankhule nawo. Uvuni ndiusamala ndine ndi Rukiye, ndipo zomuyankha mkulu uja ndidzazipeza ndekha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwapsompsone dzanja m'malo mwanga, koma izi musawauze. Mukawerenga, kalatayi muiponye pamoto. Mulungu akusungeni panyanja, akupatseni mphepo yabwino.

Fulumirani, achimwene. Chilondachi chikapola, andiphera mwamuna. Chikapanda kupola, ndimupha ndine.

Ndine mlongo wanu,
Hafize