Chitseko cha chimbudzi chikudikira 2030

Aphungu,

Pepani, sindine munthu wodandauladandaula, koma izi zandikulira. Amuna anga amaperekera tiyi m'holo ya misonkhano pa hotela ina. Pa 14 Malichi munali msonkhano wa akuluakulu a boma ndi mabungwe, wolonjeza madzi abwino ndi zimbudzi kwa aliyense. Chibwerereni kumeneko, bambo akunyumba akulankhula ngati nduna.

Chitseko cha chimbudzi chathu chinadyeka ndi chiswe, n'kugwa pa 2 Febuluwale. Tinapachikapo thumba, koma mphepo ikawomba limakwera m'mwamba, ndipo khomolo linayang'ana kumpopi komwe aneba amatunga madzi. Ndikalowa ndimaimba kuti anthu adziwe kuti muli munthu. Nyimbo zakwaya zandithera, ndipo amayi a pamzere ayamba kumavomera.

Nditawakumbutsa abambowo anati, "Amake mwana, nkhaniyi taimva ndipo tadzipereka. Pofika 2030 aliyense pakhomo pano adzakhala ndi chitseko." Nditafunsa za matabwa anati akukambirana ndi abwenzi athu pachitukuko. Abwenziwo ndi achimwene anga, ndipo sakudziwa n'komwe.

Tsopano mayi anga akubwera pa 9 mwezi wamawa kudzakhala nafe. Iwo ali ndi chifuwa, sangaimbe. Mkamwini wawo akadzatukula thumbalo n'kuwapeza apongozi ake, ine nkhope ndidzaiika pati?

Ine wothedwa nzeru,
E.T.M.

Mayi E.T.M.,

Amuna anu anamva theka la msonkhano, theka linalo linawapita akutsuka makapu. Lonjezo lenileni, kaya la boma kaya la bambo, limanena tsiku, limatchula wogwira ntchito, ndiponso komwe zipangizo zichokere. Afunseni zimenezi lero lomwe, mofatsa, atakhuta.

Achimwene anu asiyeni, sagwiritsa ntchito chimbudzicho. Pitani nokha kwa kalipentala mukamve mtengo, muwauze abambowo kuti misomali ilire Loweruka likudzali. Pambali pa khomolo muikepo kachigubu ka madzi ndi sopo, chifukwa chitseko chimabisa munthu koma sichisambitsa m'manja.

Loweruka likadutsa phee, musakangane nawo. Zulani chitseko cha kuchipinda kwanu mukachikhome kuchimbudzi. Akafunsa, ayankheni mwaulemu kuti nkhani yawo mwaimva ndipo mwadzipereka. Mwamuna amene akuyembekezera apongozi m'nyumba sagona masiku awiri m'chipinda chopanda chitseko.

Koma chenjerani. Akati pakhale komiti yoona za chitseko, kanani pomwepo. Mlembi mudzakhala inuyo, ndipo mayi anu adzatsika basi msonkhano woyamba usanathe.