Ife Kuno Tili Bwino

Lachitatu, pa 14 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikudziwa kuti mwadabwa kuona envulopu yonenepa chonchi, poti munazolowera timakalata tanga ta mizere isanu tija. Ngati muli kuntchito, ipindeni kaye, mukawerengere kunyumba mutakhala pansi.

Ndisazungulire. Banja langa latha. Ndinachoka kwa bambo ake a Kamano mu Febuluwale, ndipo pano ndikukhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa kuntchito kwathu, kuja timachapa ndi kusita zovala za anthu. Nkhani ili kukhoti. Nyumba, mipando, firiji, atenge zonse, ndilibe nazo ntchito. Koma akufunanso mwana, achemwali. Akufuna Kamano azikhala ndi iwo mpaka kalekale, ine ndizingomuona ngati mlendo. Wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, ndipo dzina munamupatsa lija likumunamiza, poti mano awiri akutsogolo anaguluka.

Ine za maloya ndikanazidziwira kuti? Ndinkangodziwa makolala a malaya awo, poti ndine ndimawasita. Mnzanga wa pa makina ochapira anati, "Iwe, usapite kwa loya wofatsa. Peza wolusa, woti akatsegula pakamwa mwamuna wakoyo anjenjemere." Ndinamvera. Ndinapita kwa bambo wina wa ofesi yozizira, ya kapeti yoti phazi limamira. Anandifunsa kuti nyumba ili m'dzina la ndani, galimoto anagula ndani, kwinaku akusisita foni. Nditatchula za mwana anangoti, "Aa, ana amatsata mayi, musadandaule." Ndinakhala mmenemo theka la ola koma dzina la mwanayo sanalifunse. Ndinatsika masitepe mtima utandiuza kuti apa ayi.

Amene ndili naye pano ndinamupeza m'thumba. Musaseke. Kuntchito kwathu lamulo ndi loti tisanachape tizipisa m'matumba monse, ndiye anthu timawadziwa kuposa mmene amaganizira. Pali mayi wina amene amabweretsa mkanjo wakuda wa kukhoti, wosokedwa ndi manja pachigongono. Nthawi zonse m'thumba mwake timapezamo mipango itatu kapena inayi, yonse yonyowapo. Ndinaganiza kuti munthu mmodzi sangalire chonchi, mipango imeneyi amabwereka ena. Tsiku lina akudzatenga mkanjowo ndinalimba mtima n'kumufunsa komwe kuli ofesi yake. Ife timangomutcha Amayi a Mipango.

Ofesi yake ili pamwamba pa shopu ya penti. Masitepe ndi opanikiza, fungo la penti mpaka m'khosi, mafayilo omanga ndi zingwe ali mbwee pansi. Nditakhala anandipatsa moni.

"Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, munthu amene ali bwino sakwera masitepe amenewa. Ndikufunsaninso. Muli bwanji?"

Achemwali! Zaka khumi ndi chimodzi palibe anandifunsapo kawiri, kupatula inu. Ndinangoona mpango uli kale m'manja mwanga.

Iyeyu anafunsa za mwana. Amavala nsapato saizi yanji, aphunzitsi ake ndani, amamuluka tsitsi ndani, akadwala chifuwa amamwa mankhwala ati. Zonse ndinayankha osaganiza n'komwe. Kenako anandiuza kuti kwa loya n'chimodzimodzi kwa dokotala, ukabisa matenda maliro amakuulula. Anati, "Chimene mukuchita nacho manyazi kwambiri ndicho ndiyambe kumva ine, ndisakachimvere kwa loya wa amuna anu pamaso pa woweruza."

Ndiye ndinamuuza, ndipo inunso ndikuuzani. Tsiku limene ndinachoka, mwana ndinamusiya. Ndinamuveka yunifomu, ndinamuperekeza mpaka pageti la sukulu, ine n'kupita kuntchito ngati masiku onse. Nthawi yoweruka itakwana, miyendo inakana kubwerera kunyumba ija. Nthiti zinali zikupweteka ndikapuma, mmene anandimenyera bambo ake. Ndinati mawa ndikamutenga, mawa lake ndinatinso mawa. Masiku asanu ndi anayi, achemwali. Ndinkaopa kuti ndikangofika pakhomo paja sindidzatulukanso. Pamene ndinkapita kusukulu kukamutenga, bambo ake anali atauza kale aphunzitsi kuti asandipatse. Mundinene mmene mungandinenere, palibe mawu amene sindinadzitukwane nawo kale ndekha.

Amayi a Mipango sanandikalipire, komanso sanandinyengerere. Anatulutsa mapepala amene bambo ake a Kamano anapereka kukhoti n'kundiwerengera. Akuti mkazi wawo anachoka popanda chifukwa, anataya mwana, pamene banja linali la mtendere. Mukuwadziwa mmene alili kunja. Munthu wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, mawu ake ofewa, wophunzira akagunda chipupa iwo amangoseka n'kuti tiyeseninso. Mumsewu mwathu aliyense amawavulira chipewa. Ndani angakhulupirire za ine?

Ndipo umboni wawo mukuudziwa? Ndi ine ndemwe. Anasonkhanitsa mauthenga onse amene ndinkatumizira apongozi ndi alamu anga pafoni. Tsamba ndi tsamba, mawu ake omwewo: ife kuno tili bwino. Kuchipatala nakonso, pamene dzanja linathyoka, ndinawauza kuti ndagwa pampando ndikupachika makatani, ndipo analemba zomwezo. Loya anawerenga mpaka anavula magalasi. Anati, "Mayi, amuna anu safunikanso mboni. Mwawaikira kumbuyo nokha zaka khumi ndi chimodzi."

Zinandipweteka, koma sananame. Ntchito yanga ndi kuchotsa madontho pa zovala za anthu kuti asaoneke, ndipo kunyumba ndinkachitanso yomweyo.

Kenako anafunsa funso limene landilembetsa kalatayi. "Alipo munthu ngakhale mmodzi amene anaona ndi maso ake?"

Ndinati palibe. Anandiuza kuti ndiganizenso bwino. Mapeto ake ndinati alipo, koma ndinamuthamangitsa.

Mukukumbukira, zaka zitatu zapitazo, mutabwera kudzacheza masiku anayi aja. Munaona chitseko cha kubafa chitathyoka pa loko. Munandipeza ndikusintha bulauzi, n'kuona msana wanga. Simunakuwe. Munangotseka chitseko n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, uli bwanji?" Ndinati ndili bwino. Munafunsanso kachiwiri, kenako munati, "Longedza, tenga mwana, tikwere basi ya masana." Ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndinakuyankhani kuti, "Inu banja linakukanikani, ndiye mukufuna mupasulenso langa?"

Munanyamula chikwama chanu osatsanzika. Ndinakuonani pawindo mukupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wa kumutu, koma sindinatuluke. Kuchokera tsiku limenelo sindinapepese. Ndinkangokutumizirani timakalata touma, tonse tothera pa mawu amodzimodzi aja, ndipo inu munkayankha mwaulemu ngati mukulembera munthu wachilendo. Pepani, achemwali. Ndinalankhula mawu amenewo chifukwa munanena zoona, ndipo ndinkachita mantha. Inu munalimba mtima n'kuchoka m'banja lanu nthawi ikadalipo, ine n'kukusekani. Lero ndi ine ndikugogoda.

Mwina ndikanapitirizabe kuuma mutu, osakulemberani, pakanapanda za Loweruka lapitali. Khoti linalamula kuti podikira mlandu, mwana akhale kwa bambo ake poti ndi kumene anali, ine ndizimuona Loweruka lililonse kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko. Amabwera naye pagalimoto yophunzitsira ija n'kumutsitsa pakhomo la kuntchito kwathu. Tsiku limenelo mwanayo anabwera tsitsi lili nyankhalala, atavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Ndinamukhazika patebulo lopindirapo zovala n'kuyamba kumupesa.

Ndinati, "Kamano, kunyumba kuli bwanji?"

Anati, "Tili bwino, amayi."

Achemwali, anayankha ndi mawu anga. Kamvekedwe kake komweko, kumwetulira komweko kosafika m'maso, ndipo akuyankha choncho anakokera mkono wa juzi pansi mpaka kubisa zala. Kukoka kumeneko ndimakudziwa, ndinkachita ine. Ndinafunsanso kachiwiri, monga munandifunsira inu. Anayang'ana kukhomo, kenako anati, "Ndati tili bwino." Ndinamuvula juziyo mwanzeru, ndikunamizira kutentha. Pathupi sindinapeze kanthu, ndisaname. Koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri waphunzira kale kubisa, ndipo mphunzitsi wake ndine. Chipeso chinandigwa m'manja.

Lolemba m'mawa ndinakwera masitepe a penti aja ndisanapite n'kuntchito komwe. Loya anandimvetsera mpaka kumapeto. Sanandilonjeze kuti tipambana. Anati masiku asanu ndi anayi aja ndi bala lalikulu pa mlandu wathu, ndipo khoti silingamve misozi yanga yokha popanda mboni. Koma anati mukabwera inu n'kunena zimene munaona, chitseko chija ndi msana uja, nkhani ikhoza kutembenuka. Apemphanso kuti munthu woona za ana akacheze ndi Kamano payekha.

Anatinso ndikupempheni makalata anga onse, ngati simunawataye. Ndinadabwa. Ndinati, "Amenewo si omwe andimange? Onse akuti tili bwino." Iye anati, "Abwere nawo. Tidzaika deti la kalata iliyonse pambali pa madeti a kuchipatala. Woweruza adzaone yekha kuti sabata imene dzanja linathyoka munalembanso kuti muli bwino. Akatero adzadziwa tanthauzo la bwino wanuyo."

Mlandu ulowa pa 3 Juni, 9 koloko m'mawa. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali, ndipo kuntchito kwanu savomera msanga. Ndikudziwanso kuti mukakana simulakwa, poti amene anadula mlatho ndine. Kachipinda kanga ndi kakang'ono, kamanunkha sopo, koma bedi ndikusiyirani inu, ine ndigona pansi. Sindikupempha chifukwa cha ine. Munamutcha dzina ndinu, mwanayu. Basi ya masana ija inandisiya ine, isamusiyenso iye.

Mundiperekere moni kwa ana anu onse awiri, muwauze kuti mayi awo aang'ono sanawaiwale. Mwendo wanu uja ukuvutabe nyengo yozizira? Muzivala masokosi, musamaume mutu ngati ine.

Apa ndi pamene ndimalemba mawu aja nthawi zonse, ndipo dzanja layamba kale lokha, mwaona pamene ndafufutapo. Ayi, achemwali. Ife kuno sitili bwino. Ine sindili bwino, ndipo Kamano sali bwino. Bwerani.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kamano