Bawuti yachinayi ya pampu

Lolemba, 6 Okutobala

Tinalipo: ine, mayi a ana, ndi alamu, achimwene awo aakulu a mayi a ana. Injini ya pampu ya kudimba imadontha oyilo pamutu, tinangofuna kusintha gasiketi basi. Mabawuti ndi anayi. Atatu ndinamanga ndekha. Pa yachinayi alamu anandilanda sipanala, ati ndikumanga ngati ndikupepesa. Anaveka paipi yaitali kusipanala, n'kuponda ndi phazi. Thyo! Mutu wa bawuti pansi, chotsalacho m'kati mwa injini. Ati, "Zitsulo za masiku ano ndi mabisiketi."

Tomato wowokedwa kale: mbande 640.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kuthirira ndi kheni kuchokera kumtsinje. Maulendo 58, ine 40, mayi a ana 18. Mizere yakumtunda sitinaifike. Alamu abwera ndi tchizulo ndi hamala. Kansonga ka bawuti kamene kanatsalira kunja akagogoda mpaka kuthetheka. Tsopano palibenso pogwira.

Lachitatu, 8 Okutobala

Alamu abwereka dirilo. Aboola mopendeka, nsonga ya dirilo yadukira m'bawuti momwemo. Zoduka tsopano ndi ziwiri. Ati, "Vuto lanu alamu mumayang'anitsitsa munthu akamagwira ntchito." Ndinayasamula kuti ndinene kanthu, mayi a ana anandiponda chala. Mbande zafa 73.

Lachinayi, 9 Okutobala

Msana. Maulendo 31 okha. Zafa zonse pamodzi 140. Alamu akuti mawa abwera ndi dirilo yokulirapo.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndinamangirira injini panjinga iwo asanafike, ulendo kwa wowotcherera wa kumsika, uja timamutchula Magalasi. Anasuzumira m'bowomo, n'kufunsa, "Wakuchitani izi ndani, bambo? Munalimbirana naye malire?" Ndinati ndi alamu anga. Anaseka mpaka kukhosomola.

Anaika nati pamwamba pa choduka chija, n'kuwotcherera m'kati mwake, kudikira kuti zizizire, kuthira oyilo, kenako kupotoza pang'onopang'ono, uku ndi uku. Nati yoyamba inathothoka. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inalira kwii, bawuti n'kutuluka, nsonga ya dirilo ili m'mimba mwake. Mphindi 25. Ife masiku anayi. Mazinga a m'bowo la bawuti sanaonongeke. Magalasi ati, "Bawuti yatsopanoyi mumange ndi dzanja limodzi. Alamu anuwo muwapatse mpando."

Loweruka, 11 Okutobala

Tinalipo atatu omwe aja. Nditafika pa bawuti yachinayi, alamu anatambasula dzanja, paipi ili kukhwapa. "Bweretsani kuno, ndimalizitse."

Ndinati, "Ayi, alamu. Paipiyo ikani pansi." Ndinabweza phazi kudikira kupondedwa. Mayi a ana anangowalanda achimwene awo paipi ija, n'kuwapatsa paipi yothirira madzi.

Injini inalira nditakoka chingwe kachitatu. Oyilo sakudontha. Alamu athirira mizere yakumtunda yonse.

Zafa 187. Zatsala 453.