Tikufuna Dokotala Begaiym Asachoke

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, timaweta nkhosa ndi akavalo. Kale munthu akadwala kwambiri, ulendo unali wa kumzinda wa Naryn, ndipo chipale chofewa chikatseka msewu tinkangopemphera. Zinasintha pamene chipatala chachikulu cha kumeneko chinagwirizana ndi kachipatala kathu kuti madokotala achinyamata azidzamalizira maphunziro awo kuno.

Ife anatitumizira mtsikana, Begaiym. Amuna anga, a Toktosun, poyamba anakana. Anati, "Kamwana aka kandipime ine? Chipewa changachi ndinagula iko kasanabadwe." Koma ndi iyeyo anapeza kuti bala la kuphazi kwawo silinkapola chifukwa cha matenda a shuga. Ankabwera kunyumba kudzalitsuka, n'kumawaonetsa aphunzitsi ake pa foni. Phazi linapola, bambowo akukweranso kavalo. Pano amamutcha "mwana wanga," ndipo shuga mu tiyi anasiya chifukwa chomuopa.

Mwezi wamawa amaliza, abwerera kwawo. Dzulo kunabwera alamu anga, a Gulsun, nati, "Mlamu, mukugona. Mwana wanuyu Ermek sanakwatire. Anyamata amunyamule dokotalayo pa galimoto, ife timuveke mpango woyera wa ukwati, basi ndi wathu. Inuyo sanakutengeni choncho? Nanga munafa?"

Sindinawayankhe. Ermek amamukondadi, koma akamuona amangoyang'ana nsapato zake. Sindikufuna mtsikanayu achoke, komanso ndikukumbukira mmene ndinalirira tsiku langa lija. Nditani?

N.T., At-Bashy

Mayi N.T.,

Misozi mukuikumbukirayo yakuyankhani kale. Kugwira mtsikana mokakamiza ndi mlandu, Ermek akhoza kumangidwa. Ndipo zikachitika, ndi kholo liti lidzalolenso mwana wake kudzaphunzira kwanuko? Mutaya dokotalayu pamodzi ndi onse obwera pambuyo pake.

Uzani a Toktosun zonse. Amamutcha mwana wawo, ndiye amuteteze ngati bambo. Ermek mukhale naye pansi, mumuuze kuti ngati ali ndi mawu akanene yekha masana, ndipo akakanidwa avomereze. Begaiym nayenso mumuuze zomwe zanenedwa, pamodzi ndi mkulu wa kachipatalako. Ndi bwino azimve kwa inu.

Kuthokoza kwanu kuli ndi njira zina. Pitani nawo bambowo kuchipatala Begaiym asanachoke, akawapereke m'manja mwa dokotala wotsatira, mankhwala asadukize. Sonkhanani ndi anzanu mukauze akuluakulu a ku Naryn kuti mgwirizanowu wakuthandizani ndipo upitirire. Kenako muphereni nkhosa, mumukhazike pamalo a mlendo wolemekezeka, mumufunse poyera ngati angafune kudzagwira ntchito kwanuko. Mwina avomera, mwina ayi. Zonsezo ndi zake.

Koma chenjerani: munakhala chete, ndipo a Gulsun akuyesa kuti mwavomera. Pitani kwawo lero lomwe, mukakane pamaso pawo.