Malo a Elliam Pamzere

Pafamu ya fodya,
Marandellas, Halale.
Januwale, 1952.

Achemwali a Matilda,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo ku Chikweo. Kodi muli bwanji? Nanga amayi, mwendo uja unaphwa? Ine ndili bwino, kungoti dzino likundisautsa, ndipo nyemba zimene akutipatsa chaka chino n'zofumbwa. A Hilary, aphunzitsi a kutchalitchi, akuwerengereni kalatayi mutakhala pansi, ndipo asadumphe mawu ngakhale ena awawe.

Mvula kuno yagwa bwino ndipo tayamba kuthyola fodya. Fodya si chinangwa choti mungachisiye m'nthaka mpaka mutachifuna. Tsamba likapsa lero, mkuja lawonongeka. Musaiwale zimenezi pomva zotsatirazi.

Mng'ono wathu Elliam anatisiya sabata yatha, ndipo tinamuika konkuno. Ndikufotokozerani ndekha chifukwa a Hassani a ku Ntaja, amene ankagona naye nyumba imodzi, anyamuka kubwerera kumudzi, ndipo adzafika ndi nkhani yokhotakhota.

Paja mukudziwa kuti ndine ndinamuitana kuti asiye bwato ku nyanja ya Chiuta adzagwire ntchito. Mavuto anayambira pa Balaka pomwepo. Sitima inamusiya chifukwa anakumana ndi maliro a munthu wosamudziwa n'kuwaperekeza mpaka kumanda. Anafika kuno anzake atayamba kale ntchito, n'kumandifotokozera zimenezo akuseka, ngati wachita chanzeru.

Pafamu pano pali chidutswa cha njanji chopachikidwa pamtengo, kuno amachitcha simbi. Chikalira, munthu amadzuka. Chikaliranso amadya, chikaliranso amabwerera kumunda. Woliza ndine, chifukwa ndine kapitao, ndipo bwana anandipatsa wotchi ya m'thumba. Sanandipatse chifukwa cha nkhope yanga. Anaona kuti ndinasiya kukhulupirira mawa. Kumbukirani abambo chaka cha njala chija. Ndinawatumizira mawu kuti aoloke msanga kwa Apwitikizi akasume chakudya anthu asanachuluke. Iwo anati tidikire, mvula ili pafupi. Kumene agona mukukudziwa.

Elliam anatengera abambo. Simbi ikalira, iye ndiye amayamba kupereka moni khomo ndi khomo, kufunsa aliyense mmene wagonera, ndiponso ana ake amene anawasiya ku Mlanje kapena ku Dedza. Pamzere ankaima ndi masamba m'manja kuyang'ana akakowa akuuluka, n'kumati amenewo akupita kwathu. Munthu wina wokalamba akatsalira, iye ankabwerera kukamuthandiza, mzere wake uli chikhalire. Anthu ankamukonda kwambiri. Ine anthuwo sanandikondepo, ndipo sindinabwerere zimenezo kuno.

Ndinamulangiza kangapo ngati mkulu wake. Anandiyankha kuti ndimadya choimirira ngati wakuba, ndipo ndikamayenda ndimaoneka ngati njuchi zili pambuyo panga. Anati pa Chiuta munthu wothamanga sapha nsomba, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuuza kuti bwana sagula maso a nkhono. Anaseka, komboni yonse n'kuseka naye limodzi, ndipo sindinadziwe ngati akuseka mawu angawo kapena ine. Sindinaiwale.

Mvula itakhazikika anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi. M'mawa wina simbi inalira, onse anatuluka, iye ayi. Ndinamupeza akunjenjemera pamphasa. Anandipempha kuti agone kufikira dzuwa litatentha, akadzuka adzamaliza mzere wake ngakhale anzake ataweruka. Achemwali, taganizani. Ndikanalola, mawa lake komboni yonse ikanadwala, ndipo akanati kapitao ali ndi chikoti cha anthu ena, m'bale wake ali ndi dzuwa lakelake. Ndinamukokera panja ndi mwendo, n'kumukwapula pamaso pa onse monga ndikanachitira wina aliyense. Sanalire. Anadzuka m'matope, n'kundiyang'ana, nati, "Achimwene, kodi tikuthamangira kuti?" Ndinamulozera kumunda.

Anagwira ntchito mvula ikumuvumbwa. Chakumadzulo anagwa pakati pa mizere, ndipo a Hassani anamubereka mpaka kunyumba. Masamba amene anagwa nawo anathyoka, koma zimenezo sindinamunenere kwa bwana.

Mawa lake masana, pa nthawi yopuma, anatuma munthu kudzandiitana. Ndinapita, musamve kuti sindinapite. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ali ndi mawu oti ndifikitse kwa amayi ndi kwa mkazi wake Dorica. Ndinamuuza kuti anene. Koma mukumudziwa Elliam, nkhani sankayambira pamene ili. Anayamba za chaka chimene madzi a Chiuta anaphwa ife tili ana, mmene tinkatolera milamba m'matope, za bwato limene abambo anasema, za tsiku limene anamuona Dorica koyamba akuyanika matemba. Amalankhula pang'onopang'ono, kupuma, kumwetulira. Ndinatulutsa wotchi, ndinaona kuti nthawi yoliza simbi yakwana. Ndinamuuza kuti adule, anene mutu wake. Anati ndidekhe, watsala pang'ono kufikapo. Ndinachotsa dzanja lake pa langa n'kupita kukaliza. Poweruka ndinapeza atamufunditsa kale kumaso.

Choncho mawu ake ndilibe. Amayi akafunsa, auzeni kuti mwana wawo akanakhala wodziwa kufupikitsa nkhani, bwenzi uthenga wake ataulandira.

Anthu akwathu a ku Nyasaland anafuna kuti ntchito iime tsiku lonse tikhale pamaliro. Ndinakana, fodya anali atapsa munda wonse wakumtunda. Tinamuika mawa lake pa nthawi yopuma, kuseri kwa zigafa zowotchera fodya. Dzenje silinali lakuya kwenikweni. Mnyanja wina anatsogolera pemphero, ndipo nyimbo tinaimba ndime imodzi. Simbi italira, a Hassani anakana kuchoka. Iwo ndi Msilamu, sitipemphera nawo, komabe anatsala okha kututa miyala n'kumaunjika pamanda kuopa afisi. Atamaliza anabwera kumunda, anandilavulira pafupi ndi phazi, n'kunena kuti sangagwirenso ntchito pansi panga. Anati tsiku limene ndidzafe ine, simbi adzaliza munthu wina ndipo palibe adzatukule mutu. Ndinawayankha kuti zidzakhala bwino choncho, ndiye kuti ndinawaphunzitsa ntchito.

Mwina mukufunsa ngati ndinalira. Mpata wake sindinaupeze. Fodya akatha mwina ndidzaona.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Malo a Elliam pamzere ali opanda munthu, a Hassani nawonso apita, ndipo bwana wandifunsa ngati kwathu kulibe mnyamata wina. Ndamulonjeza Wadson, mwana wanu woyamba. Wakula tsopano, wafika pokhoma msonkho, ndipo ndamva kuti wayamba kutsatira asodzi kunyanja n'kumakhala tsiku lonse m'bwato kudikira. Ndi mmene Elliam anayambira. Ameneyu ndikufuna ndimuwongole akadali wanthete, asanazolowere kuyang'ana mbalame.

Ndikudziwa kuti mudzalira, mudzati nditaye mlongo wanga kenaka ndiperekenso mwana. Lirani, koma kamba wa paulendo mukukonza. Amuna anu, alamu a Yotamu, asalowererepo. Iwo ndi mkamwini, mwanayo ndi wathu, malume wake ndine. Musadikire kumeta, musadikire kuti amayi atonthole, musadikire chimanga. Zengerezu analinda kwawukwawu. Alamu amuperekeze mpaka pa Balaka, amukweze sitima ndi manja awo, asachoke mpaka itanyamuka. Ku Blantyre akafunse malole a Ulere, onyamula apaulendo osalipiritsa, odzera ku Tete. Panjira asacheze ndi munthu.

Mukakana, mundiuze msanga, ndipo kuyambira pamenepo musanditchenso mwini mbumba. Maukwati a ana anu ndi milandu ya pamudzi mudzafune wina wokuimirirani.

Perekani moni kwa amayi, muwauze nkhaniyi atadya. Moni kwa alamu a Yotamu, kwa azakhali a Sofia, kwa mphwanga Ida ndi ana onse. Mutume munthu ku Chiuta akapereke moni wanga kwa alamu a Dorica. Akawauze kuti asamapitenso kumsewu kukafunsa obwera kuchokera ku Halale, ndipo akapeza mwamuna akwatiwe akadali ndi mphamvu, ine sindidzaletsa. Akafunsa za katundu wa mwamuna wawo, panalibe kanthu koma bulangete limodzi. Limenelo sinditumiza. Ndalichapa, adzafunda Wadson.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Blasius,
Kapitao.